Dothi Lochokera Pansi pa Nyanja

Chiko anathira kapenta m'lichero n'kukhala pakhonde la kuseri, pamene dzuwa linali lisanafike. Kapenta wa pamsika amabwera ndi mchenga ndi tizigoba ta nkhono, ndipo bambo ake, amene tsopano ankatafunira mbali imodzi yokha, sakanatha kulavula kamwala. Choncho ankasankha kamodzikamodzi. Kansomba ankakakankhira kumanja, kamwala kumanzere, timitu touma ankadula ndi chikhadabo kuti tisakawabaye m'kamwa. Sankafulumira. Imeneyi inali ntchito yokhayo m'nyumbamo imene munthu ankaigwira popanda womuitana.

Magetsi anali atapita kuyambira dzulo lake. Chaka chimenecho mvula inakana, mtsinje wa Kafue unabwerera m'mbuyo n'kusiya matope ong'aluka, ndipo ku Kafue Estates anthu anazolowera kuphika pa mbaula.

M'nyumba, pafupi ndi zenera la chipinda chodyera, mkulu wake Towela nayenso ankasankha. Anali ataweramira pa maikulosikopu, atagwira kaburashi kosongoka ngati nsidze, kamene ankakanyowetsa ndi nsonga ya lilime asanatole chinthu chosaoneka ndi maso.

"Iwe Chiko, siya nsomba izo, bwela uone aka," anaitana. "Kaoneka monga ba Derrick akakwiya."

Chiko anapukuta manja pachitenge n'kuika diso pagalasi. Zimene pakambale zinkaoneka ngati phulusa zinasanduka tizigoba toyera, tina totupa ngati chimanga chophulika pokazinga, tina tophwatalala tokhala ndi mkombero wakuthwa. Kamene Towela ankanena kanali ndi masaya awiri otupa ndi kakamwa kotsegula, ngatidi a Derrick, mnzawo wa bambo awo. Chiko anaseka mosatulutsa mawu.

Towela anali atamufotokozera kangapo, chifukwa panyumbapo ndi Chiko yekha amene ankamvetsera mpaka kumapeto. Tizigobato tinali ta tizilombo ta m'nyanja ya mchere totchedwa maforamu. Timayandama m'madzi, tikafa zigoba zake zimamira, zina pamwamba pa zinzake, kwa zaka masauzande ambirimbiri. Sitima ya akatswiri inabaya chipaipi pansi pa nyanja kufupi ndi Mozambique n'kutulutsa matope aatali ngati mtengo wa magetsi. Matopewo anawadula tizidutswa, kuyambira kumwamba kumene kuli za posachedwa mpaka kumunsi kumene kuli za kale kwambiri. Kachidutswa kalikonse anakatsuka pasefa, zotsalazo n'kuziika m'kabotolo kakekake, n'kulemba pachitsekerero kuya kumene kanachokera.

Mitundu ina ya maforamu imakonda madzi ofunda, ina ozizira. Towela ankatsegula kabotolo kamodzi, kuwerenga kuti a madzi ofunda ndi angati, a madzi ozizira ndi angati, kubweza, kutseka, kenako n'kutsegula kotsatira. Akamaliza mabotolo onse motsatana bwino, adzadziwa nthawi zimene nyanja inafunda ndi zimene inazizira, ndiponso nthawi zimene madzi ofunda amene amayenda ngati mtsinje mkati mwa nyanjayo, kutsikira kumwera, analimba kapena kufooka. Ankati mvula yambiri imene imagwa kuno imanyamuka panyanja imeneyo.

"Chinthu chimozi chabe," anamuuza tsiku loyamba. "Osasegula mabotolo yabili panthawi imozi. Yakasakanizika, vasila. Sungazibe kuti aka kanafa liti."

Mabotolowo anali m'mabokosi awiri, lobiriwira ndi lofiira. Towela anabwera nawo kuchokera ku yunivesite ya ku Cape Town, poganiza kuti awerengako pa tchuthi chachifupi. Patangopita masabata ochepa bambo awo, a Shadreck Sakala, anagwa pampopi akusukusula. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako osayenda, dzanja lamanja litapindika pachifuwa, mawu atatsala awiri okha, "eya" ndi "iyayi," ndipo nthawi zina ankawasinthanitsa. Towela sanabwerere kusukulu. Aphunzitsi ake anamulola kuti amalizire kuwerengako ali kunyumba, koma chaka chikatha asanatumize zotsatira, malo ake adzaperekedwa kwa wina. Matope ena sakanapezeka msanga, ndipo sitimayo sinali yoti ingabwererenso chifukwa cha munthu mmodzi.

Mayi awo sankadana ndi ntchitoyo. Ankapukuta tebulo mozungulira mabokosiwo mosamala, ndipo alendo akabwera ankawauza kuti mwana wawo akuphunzira za nyanja. Chimene sankachikonda chinali kaburashi kaja.

"Uzadya vimene suziba," ankatero. "Mwana wophunzila kunyambita dothi monga muzimai wapakati."

"Ni choko chabe, Amai," Towela ankayankha osadzutsa mutu.

A Derrick ankabwera Lachitatu lililonse. Anagwira ntchito ndi a Shadreck zaka zambiri ku fakitale ya feteleza, ndipo ntchito itatha anayambitsa tchalitchi m'chitenti cha kumbali ya njanji. Mwa anzawo onse akale ndi iwo okha amene ankabwerabe. Ankavula jekete, kupinda manja a malaya, kunyamula mnzawoyo kupita naye kubafa, kumumeta ndevu akumuuza nkhani za mpira, kenako n'kupemphera mokweza mpaka agalu a kwa aneba kuuwa. Mayi ankawaitana kuti Papa. Towela ankawaitana kuti ba Derrick, mwadala.

Lachitatu lina anaima pambali pa tebulo akupukuta manja.

"Mwana wanga, ivi vimene uyangana siku lililonse, ni vichani maka-maka?"

"Ni vakufa, ba Derrick," anatero Towela akumwetulira. "Vakufa kudala, pansi pa nyanja. Nivifunsa kuti manzi yanali bwanji, viniyankha."

A Derrick sanaseke. Anayang'ana mabokosi, n'kuyang'ana chitseko cha chipinda cha wodwala.

"Pansi pa nyanja," anabwereza. "Vinangena liti mu nyumba muno?"

Towela anali atabwerera kale pagalasi lake. Amene anayankha funsolo anali mayi, chapansipansi, atawerengera pa zala. Chiko anali pakhomo ndi beseni la zovala ndipo anaona nkhope ya mayi ake ikusintha.

Kuyambira tsiku limenelo mayi anasiya kupukuta tebulo. Ankadutsa chammbali, ndipo mbale ya bambo sinkaikidwanso pamenepo. Madzulo ena Chiko akutsuka mapoto anawamva akulankhula pafoni kuseri kwa nyumba. A Derrick ankanena mokweza moti mawu ankatuluka m'foni. Ankati pansi pa nyanja pali ufumu wa mizimu, ndipo chilichonse chochokera kumeneko chimabwera ndi eni ake. Ankati mtsikanayo alibe mlandu, sakudziwa chimene ananyamula, koma zinthuzo ziyenera kutenthedwa.

"Kushoka iyayi, Papa," anatero mayi. "Ni sukulu ya mwana. Avutikila maningi. Kulibe njila inangu?"

Kenako a Derrick anati njira ina ilipo. Angathe kuzitsuka.

Chiko anayesa kumuuza Towela m'mawa mwake. Anaima kumbuyo kwake nthawi yaitali akupota nsonga ya chitenge.

"Ba sisi, Amai na ba Derrick bakamba za mabotolo yanu."

"Baleke bakambe," anatero Towela. "Ba Derrick banali kuyendesa folokolifiti yonyamula masaka ku fakitale, manje baziba na za pansi pa nyanja? Nipase manzi mu kapu."

Chiko anamupatsa madziwo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Lolemba lotsatira mapiritsi a bambo anatsala pang'ono kutha, ndipo ku Kafue kunalibe. Towela anakwera minibasi ya m'mamawa kupita ku Lusaka. Potuluka anaphimba maikulosikopu ndi pilokesi, n'kumugwira Chiko paphewa. "Uniyanganile vinthu vanga."

Minibasiyo mwina inali isanafike ku Shimabala pamene a Derrick anagogoda. Silinali tsiku lawo. Anali atavala suti yoyera, atanyamula chigubu cha madzi, paketi ya mchere ndi kabotolo ka mafuta.

Mayi anatulutsa bokosi lobiriwira okha, atakulunga manja m'nsalu ya tebulo. Analiika pabwalo pansi pa mtengo wa mapeyala, pambali pa beseni latsopano limene anagulira ntchito imeneyi. Anamutuma Chiko kukatenga nsalu yoyera yosefera, yamaso aang'ono kwambiri.

"Tizachita bwino-bwino," anatero. "Kulibe kamene kazataika, olo kamozi. Akabwela azapeza vonse vili mu mabotolo yake."

A Derrick anathira madzi m'beseni, kuwazamo mchere, kudonthezamo mafuta, n'kuyamba kupemphera. Mayi anatsegula kabotolo koyamba n'kukhuthulira m'madzi. Fumbi lotuwa linayandama pang'ono kenako n'kumira. Anatsukuluza kabotoloko kuti musatsale kanthu, n'kukaika pathireyi. Anatenga kachiwiri.

Mawu anali okonzeka, Chiko ankawadziwa bwino lomwe, anali ochepa.

"Amai, yakasakanizika..."

"Wati chani? Kweza mau, iwe."

A Derrick anali atatsegula maso, dzanja lili m'mwamba, akumuyang'ana. Mayi nawonso ankamuyang'ana, kabotolo kali m'manja. Maso awo anali ofiira chifukwa chosagona, koma m'mawa umenewo munali kuwala kumene Chiko anali asanakuone chigwereni bambo ake.

"Kulibe," anatero Chiko.

Kachiwiri kanalowa m'madzi, kachitatu, kachinayi. M'chipinda bambo anayamba kubuula ndipo Chiko anathamangirako. Anawatembenuza, kuwasintha thewera, kuwapaka mafuta pamsana pamene khungu linayamba kufiira, n'kuwamwetsa phala ndi kasupuni. Pazenera ankamva kulira kwa titsekerero tikugwera m'thireyi pakati pa mawu a pemphero. Bambo ankayang'ana kudenga. Phala lina linkatsikira kumbali ya kukamwa kumene sikunkamva, iye n'kumalibweza ndi supuni.

Pamene anatuluka, mabotolo onse a m'bokosi lobiriwira anali opanda kanthu. Mayi anali atasefa madziwo pansalu, kawiri, n'kuyanika fumbilo pachitenge chatsopano padzuwa. Anakhala pambali pake akuingitsa nkhuku za aneba, ndipo mphepo ikawomba ankatchinga ndi thupi lawo. Linali kamulu kakang'ono kwambiri, kosadzaza ndi kapu yomwe. Litauma anatenga kasupuni ka shuga n'kuyamba kubwezera m'mabotolo, mofanana, akugwedeza kabotolo kalikonse kuti aone ngati kalingana ndi kanzake. Titsekerero anatitsuka ndi sopo. Manambala ena anafufutika, ena anatsala.

"Waona?" anamuuza Chiko. "Vayela na kuyela."

A Derrick anadya nshima ndi kapenta uja pakhonde. Anati bokosi lofiira alichita dzuwa likapepa, chifukwa pemphero lotere limatopetsa.

Towela anafika masana, atanyamula kathumba ka mapiritsi ndi buledi. Anaima pageti. Anaona beseni, chitenge, thireyi ya mabotolo ndi kasupuni m'dzanja la mayi ake. Anayenda pang'onopang'ono, n'kuika buledi pansi, padothi. Anatola kabotolo kamodzi n'kukayang'ana padzuwa, kenako kena.

"Mwachita chani?"

"Tavisuka chabe, mwana wanga. Vonse vilipo. Penda, uzaona."

"Munaika pamozi?"

"Mu beseni yanyowani. Sinasebenzese yakudala."

Towela anakhala pansi pomwepo, pafumbi, atavala buluku lake la ku Lusaka. Sanalire. Anayang'ana thireyiyo nthawi yaitali, ndipo pamene anayamba kulankhula mawu ake anali otsika moti a Derrick anachita kusendera.

"Iyi bokosi ninali nikalibe kuipenda. Ninasiliza yofiila chabe hafu. Mwatenga zaka zonse zija mwapanga phala."

"Koma kulibe chataika," anatero mayi. "Nasefa kabili."

"Vonse vataika, Amai! Vonse! Ngati munataya mu chimbuzi chinakakhala chimozi-mozi!"

"Mwana wanga," anatero a Derrick, "sukulu ni yabwino, koma moyo wa atate ako..."

"Imwe khalani zii. Munafika giledi bwanji, imwe? Nikufunsani. Kubwela mu nyumba ya bene na saladi yophikila mu kabotolo, ati mafuta yoyela. Muzachilisa sitiloko na muchele?"

"Towela!" anakuwa mayi. "Munthu wa Mulungu uyu! Ni yeve amasambika atate ako pamene iwe uli pa galasi!"

"Na imwe Amai, munalekela chani kunifunsa? Kumutu kwanu mulibe olo kang'ono?"

Kuseri kwa mpanda mwana wa aneba anasiya kudumpha chingwe. Mayi anaika kasupuni pachitenge mosamala. Atalankhula, mawu awo anali owuma.

"Nilibe nzelu, nizoona. Sininaende ku Cape Town. Koma mwamuna wanga agona muja, ndipo sitizasiya nchito pakati. Papa bakamba kuti tikasiya imozi, vizabwelela mwamphamvu. Chiko, leta yofiila."

Towela anatembenuka n'kumuyang'ana mng'ono wake koyamba chifikireni.

"Iwe unalipo?"

Chiko anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Unalipo, unaziba, unangoyangana." Towela anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Yenda kalete. Ndiwe mwana wabwino, iwe. Sukana kanthu."

Chiko analowa m'nyumba. M'chipinda chodyera munali mdima pang'ono ndi fungo la sopo wa wodwala. Bokosi lofiira linali pamalo ake, pambali pa maikulosikopu yophimbidwa. Analinyamula. Linali lopepuka kwambiri, timabotolo tinkagundana mkati ngati mano a munthu wozizidwa. Podutsa pakhomo la chipinda cha bambo ake anasuzumira. Anali maso. Anamva zonse, chifukwa makutu awo sanafe. Dzanja lawo lamanzere linkakoka bulangete n'kulisiya, kukoka n'kulisiya.

Anafika pakhomo la kuseri n'kuima pamwamba pa sitepe. A Derrick anali atayamba kale kuthira madzi ena m'beseni. Mayi anatambasula manja, atawakulunganso m'nsalu ya tebulo ija.

"Leta kuno."

Chiko analikumbatira bokosilo pachifuwa. Anatsamira pafelemu ya chitseko.

"Iyayi," anatero.

"Wati chani?"

"Nakamba ati iyayi, Amai." Mawu ake anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira, ndipo atayamba sanathenso kuwaletsa. "Sinizakupasani. Ba Dadi sibazanyamuka. Mungasuke iyi, mungasuke nyumba yonse, mungasuke na ise, sibazanyamuka. Dokota anakamba, na imwe munamvela, munali pamene paja. Ine ndine nimabapindamula. Kwendo kwabo kuyonda siku na siku, pa musana payamba chilonda, ndipo kulibe amene afuna kukamba. Imwe muli na Papa, ba Towela bali na galasi, bonse muyangana kwina. Ba Derrick, zikomo pobasambika, mubwele pa Chitatu monga lyonse, koma beseni iyo muthile ku maluba. Na imwe ba sisi, musakambe futi kuti Amai balibe nzelu. Munaniuza ine vonse, ine chabe, chifukwa nimakhala zii. Amai munabauza kuti ni choko. Sembe munabakhazika pansi kamozi chabe, kubaonesa mu galasi, sembe lelo sibanachite ivi. Ine ninayopa kukamba kuseni, manje sinizayopa. Nalema. Nifuna munthu angene muja anithandize kunyamula ba Dadi, chifukwa nekha sinikwanisa."